Mayi amene ankagulitsa nkhani, osati tepi

Sabata ino aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe munthu mmodzi amene anasintha ntchito ya wailesi yakanema, n'kufotokoza bwinobwino chimene anasinthacho. Anzanga ambiri anathamangira kwa anthu otchuka oonekera pa kanema. Ine ndinasankha mayi Beryl Vertue a ku Britain, amene anthu ambiri sankaidziwa n'komwe nkhope yawo.

Anabadwira ku Croydon mu 1931. Ntchito anayamba ngati mlembi, kumataipira olemba masewero oseketsa ku Associated London Scripts, ofesi yomwe inali pamwamba pa sitolo ya ndiwo zamasamba ku Shepherd's Bush, mumzinda wa London. Anawaitanira kumeneko ndi Alan Simpson, mnzawo wa kusukulu. Pang'ono ndi pang'ono ntchito yokambirana malipiro a olembawo inagwera m'manja mwawo, mpaka anakhala wowaimira: Simpson yemweyo ndi Ray Galton, Spike Milligan, Eric Sykes, Johnny Speight, ngakhalenso ochita zisudzo ngati Frankie Howerd.

Pamene pandikhalitsa pansi ndi apa. Nthabwala za ku London sizinali zoti munthu wa ku America n'kuzimva msanga, choncho kungotumiza tepi sikukanathandiza kwenikweni. Mayiwa anagulitsa mafupa a nkhaniyo, mnofu eniake adziikire okha. Sewero la Steptoe and Son, la bambo ndi mwana wawo otolera ndi kugulitsa zinthu zakutha, linakabadwanso ku America mu 1972 ngati Sanford and Son, mbali ya bamboyo akusewera Redd Foxx, banjalo lili la anthu akuda ku Los Angeles. Sewero la Speight, Till Death Us Do Part, linasanduka All in the Family mu 1971. Chilankhulo cha m'nyumba chinasintha, nthabwala zinasintha, koma mkangano wa kholo louma mutu ndi ana ake unatsala momwemo. Ndaganizira zimenezi masiku atatu. Kale ndinkaona ngati sewero ndi mawu amene ali papepala. Tsopano ndikuona kuti chuma chake chili pa ubale wa anthu a m'seweromo, ndipo ubalewo umatha kuwoloka nyanja.

China chimene chandikhudza ndi cha Terry Nation, amene anapeka zilombo zotchedwa Daleks za mu sewero la pa kanema la Doctor Who mu 1963. Mayi Vertue anamukambira kuti asataye umwini wonse wa zilombozo. Mzere umodzi pa pangano, phindu lake n'kukhala la zaka zambirimbiri.

Mu 1979 anatsegula kampani yawoyawo, Hartswood Films. Sewero la kampaniyi la Men Behaving Badly linayamba pa wailesi yakanema ya ITV mu 1992, ITV italisiya iwo anapita nalo ku BBC, komwe linakatchukira. Sewero lina, Sherlock, linatuluka mu 2010, iwo ali pafupi kukwanitsa zaka 80, akugwira ntchito limodzi ndi mwana wawo Sue ndi mkamwini wawo Steven Moffat. Anamwalira mu February 2022.

Chaka chatha ndinapereka sewero langa la pawailesi kwa anthu ena popanda kusainirana chilichonse, chifukwa ndinkaopa kuoneka wokonda ndalama. Linaulutsidwa kawiri, dzina langa silinatchulidwe. Zinandipweteka, ndipo mpaka pano zimandipwetekabe. Usiku wathawu ndatenga kope langa n'kulembamo mafunso anayi oti ndidzafunse ndisanapereke sewero lachiwiri, limene ndatsala pang'ono kumaliza. Loyamba ndi lakuti: akafuna kulibwereza, kapena kulisandutsa la Chitumbuka, mwini wake adzakhala ndani?