Kainjini kanga kanandithamangitsa pabwalo

Abale inu, kupanga wekha injini ya kandege koseweretsa si masewera ayi. Ine ndinatha miyezi inayi ndili pa lathe, makina osemera zitsulo, usiku ulionse, kusema aluminiyamu, mpaka mayi akunyumba anasiya kundiitana, amangogogoda pachitseko cha galaja ngati mlendo. Kainjini kake ka 2.5cc basi, kokwana m'chikhatho, koma pisitoni yokha ndinapanga kanayi. Tiinjini tambiri ta saizi imeneyi tilibe maring'i, pisitoni imafunika ilowe ndendende mu silinda, ukangopala mopitirira pang'ono, ngakhale kosafika kunenepa kwa tsitsi, kompuleshoni yathawa, yambiranso. Yachinayi ndiye inagwira, ukamatembenuza imalira kuti phwa, mtima wanga mbee.

Tsiku loyesa ndinasakaniza mafuta ake, methanol, nitro pang'ono ndi mafuta a nsatsi ofewetsera zitsulo. Benchi yanga ndi yolemera moti sindikanaitulutsa panja, ndiye nzeru zinandibwerera: ndinamanga injini pa thabwa, thabwalo nkulimangirira pa mpando wa muofesi, uja wa matayala. Pa simenti. Ndinadziuza kuti kanthu kochepa chonchi sikangasunthe mpando. Ndinaonanso kuti madamu ayanika zovala, ndiye ndinaulozetsa bwinobwino kuti mphepo ya pulopela ikankhire utsi kumbuyo, kutali ndi chingwe. Mwamuna woganiza.

Ndinalumikiza batire pa glow plug, koyatsira mafuta mu injini, kaja kamakhala ndi kawaya ka platinum kamene kakangofiira kamapitiriza kokha chifukwa cha methanol ngakhale uchotse batire. Nkuyamba kukwapula pulopela. Kukwapula, kukwapula, zii. Ndinatsegula nido yolowetsera mafuta kwambiri mafuta nkusefukira, kanangotsokomola kamodzi nkundimenya chala, apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake anzathu amalizira ndi kamtengo. Patatha mphindi ngati 40 thukuta lili kamukamu, kanalira. Eee! Ngati udzudzu wa saizi ya galu.

Lamulo limati ikalira choka kutsogolo, pita kumbuyo kwa pulopela. Ndinathamangira kumbuyo monga munthu wowerenga. Chimene ndinaiwala nchoti ndinaika reed valve, kachitsulo kopyapyala kotsegula ndi kutseka polowera mafuta ndi mpweya, ndipo injini ya two-stroke ya reed valve sisankha, imalira mbali iliyonse yomwe yagwirira. Yanga inagwirira chobwerera.

Ndinangoona mpando wayamba kusuntha, pang'onopang'ono kaye ngati ukuganiza, kenako wandilunjika. Ndibwerere m'mbuyo, nawonso ukubwera, ndipatuke, tayala limodzi linagunda kamwala mpando nkutembenuka pang'ono kunditsata ndithu ngati ndili nawo ngongole. Throttle, yochepetsera kapena kuwonjezera liwiro la injini, sindinapange, ndinkati ndidzapanga mtsogolo, ndiye kuzimitsa kwake nkufinya kapaipi ka mafuta, kamene kali pafupi ndi pulopela yozungulira kopitirira 10,000 pa mphindi, chala chili kale magazi, ndani angayerekeze. Uku mphepo yonse ikupita kutsogolo, ndipo mafuta a nsatsi sapsa onse mu injini, amatuluka ndi utsi, onse amakathera pa mashiti oyera aja.

Mapeto ake ndinavula malaya nkuponya pa pulopela. Anakulungika, injini inati khuu, zii. Ndinatsala chilili, mimba pamtunda, makutu akulira, ana a aneba ali pa mpanda kuomba m'manja, wina akukuwa kuti ankolo bwerezaninso sitinajambule.

Mayi akunyumba anatuluka, anayang'ana mashiti, anagwira limodzi zala nkumata, anayang'ana mpando, kenako ine. Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Bambo, miyezi inayi yonse ija mumapanga ndege yopita kumbuyo?"

Ndinayamba kufotokoza za reed valve. Anandipatsa beseni.