Thanki ya asidi imayamba kutha mkati: zoyenera kupima isanalowe mumsewu

Pa msewu wa N7 ku Mozambique, kuchokera ku Changara kudutsa pa mlatho wa Kassuende mpaka ku Zóbuè, mukaona thankala yowonda yokhala ndi mphete zachitsulo kuzungulira thupi lake, kawirikawiri imeneyo si ya mafuta. Yang'anani chikwangwani cha mtundu wa lalanje: pamwamba 80, pansi 1830 ngati ndi asidi wa sulphuric, 1789 ngati ndi wa hydrochloric, 1824 ngati ndi caustic soda wamadzi. Chizindikiro cha gulu 8, la katundu wowotcha khungu ndi kudya zitsulo, chimaonetsa madontho akugwera pa dzanja ndi pa chitsulo. Anthu amaopa za dzanjazo, za chitsulo n'kuiwala, chikhalirecho katunduyu amadya ndi thanki yomwe yamunyamulayo.

Kuwondako n'chifukwa cha kulemera. Lita imodzi ya asidi wa sulphuric wa 98 peresenti imalemera makilogalamu 1.84, ndiye malita 16,000 okha ndi matani pafupifupi 30. Chitsulo chikapyapyala pakati pa mimba ya thanki, kulemera konseko kumatsamira pamenepo galimoto ikamagunda maenje.

Asidi wamphamvu chonchi amatha kuyenda m'thanki ya chitsulo wamba, chifukwa amayala kachikanga kopyapyala pakhoma komwe kamateteza chitsulocho. Akangosakanikirana ndi madzi, kachikangako kamasungunuka, asidi n'kuyamba kudya mofulumira uku akutulutsa mpweya wa hydrogen. N'chifukwa chake thanki zambiri zimaonongekera pa yadi, zitatsitsa kale katundu. Chivundikiro chasiyidwa chosamanga m'nyengo ya dzinja, asidi wotsalira pansi wakoka chinyezi, kapena thanki yatsukidwa koma osaumitsidwa. Kunja penti ili mbee, mkati zili ngati mzati womwe chiswe chadya. Asidi wa hydrochloric ndiye safuna n'komwe kukhudza chitsulo, thanki yake amaimata labala mkati. Caustic soda amadya aluminiyamu, choncho valavu kapena cholumikizira cha aluminiyamu chisayandikire.

Malamulo a ADR, omwe ndi a ku Ulaya onyamulira katundu woopsa pamsewu, amati thankala ipimidwe mokwanira zaka 6 zilizonse ndipo pakatikati, pa zaka 3, ionedwe ngati sikudontha. A ku America, mu lamulo lotchedwa 49 CFR 180.407, amafinya kwambiri pa katundu wodya thanki, ndipo kwa ine ndi amene mwini galimoto wanzeru ayenera kutengerako. Kunja ndi mkati muonedwe chaka chilichonse, labala ya mkati ipimidwe chaka chilichonse, kudontha chimodzimodzi. Thanki yopanda labala ipimidwe kukhuthala kwa chitsulo zaka 2 zilizonse, ndipo zaka 5 zilizonse ipopedwe mwamphamvu.

Pa zonsezi, kupima kukhuthala ndi kumene kumaulula zoona, ndiponso ndi kumene anthu amakonda kuchita mwachidule. Wopimayo amakhala ndi kachipangizo ka ultrasonic, kopima kukhuthala kwa chitsulo popanda kuchiboola. Ayambe wakayesa pa kachitsulo kodziwika kukhuthala kwake, apale dzimbiri pamalo opimawo, apake mafuta ake, kenako n'kugunditsa. Asamangopima m'mbali momwe dzanja likufika bwino. Apime pansi pakati pa mimba, mozungulira potsitsira katundu, m'mphepete mwa mowotcherera monse, pafupi ndi chivundikiro pomwe asidi amadontherapo podzaza, pomwe pamangiriridwa miyendo ndi masipuling'i, ndi pamzere pomwe asidi amalekezera thanki ikadzadza. Manambala alembedwe malo ndi malo kuti zaka ziwiri zikatha ayerekezedwe. Thanki yomwe yataya theka la milimita pamalo amodzi m'zaka ziwiri yakuuzani kale tsiku lomwe idzaboole, ngakhale lero ikadali pamwamba pa mulingo wa kukhuthala wolembedwa pa kachitsulo komwe fakitale inamata pathankiyo.

Malo awiri amabisa matenda. Oyamba ndi kunsi kwa mphete zija. Zambiri n'zamphako, ndipo pansi pake pamakhala kabowo kotulutsira madzi. Kabowoko kakatsekeka ndi matope kapena penti, madzi ndi asidi wotayikira zimakhala mmenemo n'kumadya thanki chakunja, pamene maso sangafike. Lamulo la ku America lija limati pa mphete zotere pa thanki ya chitsulo wamba papimidwe malo osachepera anayi mozungulira. Wina akaona kabowo kakudontha n'kukatseka ndi bawuti, ameneyo wabisa umboni woti thanki yabooka. Achiwiri ndi pamwamba pa chitsulo cha kingpin, pomwe thirela imakhala pa hosi, mutu wa galimoto woikoka. Chimenechi chimayenera kumasulidwa n'kutsitsidwa pa zaka ziwiri zilizonse. Ndi ntchito yotopetsa, mabawuti ake amakhala atagwirana ndi dzimbiri, koma kusuzumira ndi tochi si kupima.

Labala ya mkati amaipima ndi makina othetheka moto wa magetsi. Mkati mukhale mouma ndi moyera. Wopima ayambe wayesa makinawo pa kachidutswa ka labala yomweyo koboola ndi singano ya jakisoni, chifukwa magetsi akachepa sapeza bowo, akachuluka amaboola okha. Labala ikatupa matuza kapena ikauma n'kuyamba ming'alu, asidi ali pafupi kufika pa chitsulo. Dzuwa la kuno ku Tete, lopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, limakalambitsa labala, magasiketi ndi mapaipi otsitsira msanga. Ndipo makaniko wowotcherera kachitsulo kunja kwa thanki yotere amapsereza labala mkati iye osadziwa.

Popima mphamvu, adzaze madzi osati mpweya, apope kufika mulingo wopimira wolembedwa pa kachitsulo ka fakitale, adikire mphindi 10 geji osatsika. Valavu yopumira ichotsedwe ikayesedwe payokha, popeza zoumira za asidi zimaigwira n'kukanika kutseguka. Akamaliza, madziwo akhuthulidwe ndipo thanki iumitsidwe tsiku lomwelo. Ku America amalemba pathupi la thanki mwezi, chaka ndi chilembo: V kunja, I mkati, L labala, K kudontha, T kukhuthala, P mphamvu.

Munthu asalowe m'thanki isanatsukidwe, kupitidwa mphepo ndi kupimidwa mpweya, ndipo pachivundikiro pakhale mnzake womuyang'anira. Moto wowotcherera usayandikire musanatsimikize kuti hydrogen mulibe.

Adalaivala, gawo lanu ndi la m'mawa uliwonse. Zoyera zoumira pa mabawuti a valavu, penti yotupa pansi pa chivundikiro, kapena mzere wa dzimbiri wotsika m'mbali, zonsezo ndi asidi amene wadutsapo. Nenani musananyamuke, ngakhale abwana akhale akufulumiza. M'galimoto musasowe magolovesi ndi ovolosi zosalowa asidi, chotchinga kumaso ndi chigubu cha madzi oyera.

Ikatayikira panjira, choyamba ndi kuthamangitsa anthu. Ku Caphiridzange m'boma la Moatize, mu Novembala 2016, anthu oposa 70 anafa atathamangira thankala ya petulo yomwe inaphulika, ndipo wobwera ndi chigubu sawerenga nambala pa chikwangwani. Tchingani ndi dothi kapena mchenga kuti asidi asalowe mumtsinje, osati utuchi, kenako thirani laimu pang'onopang'ono. Musathire madzi pa dziwe la asidi wamphamvu, amawira n'kuthovukira kumaso. Koma munthu akamugwera pakhungu kapena m'maso, muvuleni zovala, mumutsanulire madzi ochuluka mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20, osapaka mafuta kapena mankhwala alionse, ndipo popita naye kuchipatala mutenge pepala la katunduyo kuti adokotala adziwe chomwe chamuotcha.