Pulley ya mano 40 ya HTD 5M, pomwe ndafika

Pulley (gudumu la mano lozunguzidwa ndi lamba) yaikulu yomwe ndikupangira ka router kanga ka CNC, makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta, ndatsala pang'ono kuimaliza. Lamba ndi HTD 5M, kutanthauza kuti dzino ndi dzino zatalikirana 5 mm, ndipo pa mota pali kale ya mano 20, ndiye iyi ikhala ya 40 kuti mota izizungulira kawiri sikuluwu yoyendetsa makinawo, pomwe pulley iyi ikhale, ikazungulira kamodzi.

Masamu ake ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Kuti mupeze diameter ya pulley, mano 40 kuchulukitsa ndi 5, kugawa ndi 3.1416, zikubwera 63.66 mm, koma osadula aluminiyamu pa saizi imeneyoyo ayi. Saizi imeneyo ndi ya pomwe pamadutsa timaulusi tam'kati mwa lamba, osati pamwamba pa mano a pulley. Ku 5M mumachotsako 1.14 mm, ndiye kunja kwake kukhale 62.52. Mukasiya 63.66 lamba amakwera pa mano mmalo mokhala pansi bwinobwino, mano oyamba atatu amaoneka ngati alowa koma mukamazunguliza mpaka theka mumaona kuti zayamba kusemphana.

Cutter yodulira mano ndilibe, komanso ndi yokwera mtengo zedi. Chabwino cha HTD nchakuti mano ake ndi obulungira, ndiye drill ya 3 mm ikukwanira. Ndasiya chitsulo chili chokulirapo, pafupifupi 70 mm, ndaboola mabowo 40 mozungulira, kenako pa lathe nkupala mpaka 62.52, mabowo aja angotseguka okha nkusanduka mipata ya mano. Osayamba ndi kupala! Drill ikapeza mbali ina kulibe chitsulo imathawira komweko. Dividing head yanga, chida chozunguzira chitsulo m'magawo ofanana, ndi 40:1, ndiye bowo lililonse ndi kupukusa chogwirira kamodzi basi, 9 digiri, palibe zowerenga mabowo pa plate. Kunena zoona nchifukwa chake ndinasankha 40 osati 44.

Pobowola ndimayamba ndi centre drill ndipo ndimadonthezera palafini kuti aluminiyamu asamatilire ku drill. Bowo la shafti ndi kunja kwake ndapala pulley ili pa mandrel (kamtengo kachitsulo kogwira pulley pa lathe) imodzimodzi, kuti isamagwedezeke ikamazungulira.

Makona a mano atuluka akuthwa, angamadye lamba, ndiye ndikuwafafaniza ndi ka fayilo kakang'ono dzino limodzi limodzi, ntchito yotopetsa koma imatheka ngakhale magetsi atazima. Zatsala ndi ma flange awiri oletsa lamba kutsetserekera kumbali, ndi mabowo a grub screw a M5, timasikuluwu tomangira pulley ku shafti. Amene anayesapo njira ya drillyi pa pulley ya lamba wa GT2 andiuze, mano ake otalikirana 2 mm ine ndikuona ngati ndi aang'ono kwambiri, drill ya 1 mm siichedwa kuthyoka.