Makadi a mnzako sawerengedwa pankhope

Amene angoyamba kumene poker amakonda kuyang'anitsitsa nkhope ya mnzawo kuti aone ngati akuphethira kapena akutuluka thukuta. Kuno ku Lilongwe mwezi wa Okutobala aliyense patebulo amatuluka thukuta, ndiye muwerengapo chiyani? Chimene ndakhala ndikuphunzira m'kope langa ndi china: osalosera kuti mnzako wagwira makadi akutiakuti, koma kuwerenga makadi onse amene munthu ngati iyeyo angasewere motero, n'kumachotsapo pang'onopang'ono.

Mu Texas Hold'em, mtundu wa poker umene timasewera, muli makadi 52, ndipo awiri amene munthu amalandira angabwere m'njira 1,326. Makadi ofanana, monga AA, amabwera m'njira 6. Osiyana, monga AK, m'njira 16. Masamu ake ndi apulaimale. Chimene chinanditsegula maso n'chakuti makadi amene ndagwira ine amachepetsa a mnzanga. Ndikakhala ndi A mmodzi, AA yake yatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3, AK kuchoka pa 16 kufika pa 12.

Nachi chitsanzo cha pa mpikisano waung'ono umene timachita ndi anzanga Loweruka madzulo ku Area 18. Ma blind (zimene anthu awiri amakakamizika kuponya makadi asanagawidwe) ali pa 500 ndi 1,000, ine ndili ndi machipi (timakobidi tosewerera) 30,000, m'manja AQ. Bambo ena achikulire, amene amatha ola lathunthu akungotaya makadi uku akumwa tiyi, akweza kufika 2,500 ali pampando woyambirira. Munthu wotere, pamalo otere, sakweza ndi zinyalala. M'maganizo mwanga ndinawapatsa AA, KK, QQ, JJ, makhumi awiri, AK ndi AQ. Nditachotsa A ndi Q wanga, zinatsala njira 45: AA 3, KK 6, QQ 3, JJ 6, makhumi 6, AK 12, AQ 9.

Funso tsopano: ndikweze? AQ imaoneka bwino, dzanja limayabwa. Koma ndikakweza, atsale ndi ine ndani? AA, KK, QQ ndi AK, zonse pamodzi njira 24, ndipo zonsezo zili patsogolo panga. AQ ikakumana ndi AK imapambana pafupifupi kamodzi pa kanayi; ikakumana ndi AA, ngakhale kamodzi pa khumi sikakwana. Zimene ndingapikisane nazo mwina azitaya, zondipha azigwiritsa. Ndinataya. "Mwathawa, achimwene?" anatero bambowo akuseka. Sanaonetse makadi, ndipo sanafunikire kutero.

AQ yomweyo, akakweza mnyamata wa pa button (mpando wa wogawa makadi) amene amalowa pafupifupi dzanja lililonse, ndimamukwezera mosazengereza, chifukwa iyeyo amanditsatira ndi AJ, KQ, ngakhale A ndi kakhumi. Choncho ndisanakankhe machipi ndimadzifunsa ziwiri: ndi makadi ati ofooka amene alipire, nanga ndi ati amphamvu amene athawe? Mayankho onse akakhala "palibe", kukwezako n'kungodzionetsa.

Akatswiri a bawo pansi pa mtengo amawerenga njere mpaka pamene zikagonere asanagwire dzenje. Ntchito yake ndi yomweyo, kungoti pa poker theka la bolodi ndi lovundikira.

Mpikisano uli ndi vuto lake limene masewero a ndalama zapatebulo alibe. Machipi akatha, watuluka. Ndiponso kuchulukitsa machipi kawiri sikuchulukitsa mphotho kawiri. Masamu a ICM, oyerekeza mtengo wa machipi m'ndalama za mphotho, amafotokoza zimenezi: chipi chimene wataya chimapweteka kuposa mmene chimene wapeza chimakomera. Zimaonekera kwambiri pa bubble, pamene patsala munthu mmodzi kuti atuluke ena onse alowe m'ndalama. Ife timalipira atatu oyamba, ndiye tikatsala anayi tebulo limasintha. Wa machipi apakatikati amaopa kutuluka wa machipi ochepa asanatuluke, motero amataya ngakhale makadi abwino. Wa mulu waukulu amadziwa zimenezi, amakweza pafupipafupi n'kumatola ma blind. Ineyo ndimaona kuti apa ndiye pamene kuwerenga mnzako kumalipira kwambiri, chifukwa suwerenga makadi okha, uwerenganso zimene akuopa kutaya.

Ena amakonda kunena za Chris Moneymaker, amene mu 2003 analowera pa intaneti n'kupambana World Series of Poker ku Las Vegas, madola 2.5 miliyoni. Nkhani yokoma, koma sindiphunzirapo kanthu.

Panopa ndikuphunzira za pa river, pamene khadi lomaliza la patebulo latsika. Mnzanga akabetcha theka la pot (machipi onse amene ali kale pakati), ndiyenera kukhala wopambana kamodzi pa kanayi kuti kulipira kukhale kwanzeru. Akabetcha pot yonse, kamodzi pa katatu. Chovuta n'kuwerenga kuti mwa njira zimene zamutsalira, zonamiza ndi zingati. Kwa bambo a tiyi aja ndalemba ziro. Kwa mnyamata wa pa button, mzere wake m'kope ukadali wotalika.