Sabata yachitatu: mwendo wamanzere wayamba kuponda

Galu wa ku Matawale amene anafa miyendo masabata atatu apitawo, wa miyezi 14 ndi makilogalamu 22, tsopano akuima yekha masekondi 20 chitenje chomunyamulira chitachotsedwa pamimba. Mwendo wamanja ukadali lobodo, phazi likupindika n'kumapondera pamwamba pa zala.

Za chiwewe sitikudanso nazo nkhawa. Anabayidwa katemera, akudya bwino, ndipo galu wachiwewe akayamba kufa ziwalo sapitirira masiku 10 ali moyo.

Dokotala wa ziweto akukayikira zinthu ziwiri. China ndi FCE, pomwe kachidutswa kochokera pakati pa mafupa a msana kamatseka mtsempha wa magazi. Galu amalira kamodzi akusewera, miyendo n'kufa, koma pakatha maola 24 vuto silikulanso. Chinacho ndi mitsempha ya magazi yopiringizika yomwe galu amabadwa nayo mumsana. Imeneyi ndi yosowa, koma imatha kufinya mtsempha waukulu wa mumsana pang'onopang'ono, kapena kuphulika mwadzidzidzi. X-ray imaonetsa mafupa okha, chosiyanitsa ziwirizi ndi MRI, makina ojambula mkati mwa thupi omwe amaonetsanso mitsempha. Pakadali pano umboni wathu ndi kope: tsiku lililonse tikulemba ngati wapita patsogolo kapena wabwerera m'mbuyo. Masiku 21 onsewa sanabwererepo, ndipo n'zolimbitsa mtima kwambiri.

Ambiri amalakwitsa poyesa ululu. Mukatsina chala mwamphamvu galu n'kukoka mwendo, musasangalale msanga, mwendo wakufa umathanso kudzikoka wokha. Chofunika n'choti atembenuze mutu kapena alire. Uyu akutembenuza mutu tikamutsina mbali zonse ziwiri.

Ntchito ya tsiku sinasinthe. Kumutembenuza maola 4 aliwonse, kupinda ndi kuwongola mfundo iliyonse ya mwendo ka 15, katatu patsiku. Chikhodzodzo chikufinyidwa maola 8 aliwonse, manja awiri kumbuyo kwa nthiti, pang'onopang'ono mpaka chiphwe. Mkodzo ukangoyamba kununkha moipa kapena kuoneka wamagazi, pitani nawo kwa dokotala tsiku lomwelo.

Chomwe chavuta ndi chilonda cha pachiuno, chachikulu ngati ndalama yachitsulo. Simenti ya kuno ku Zomba imazizira ndi kunyowa m'mawa, ndipo chiguduli chimodzi sichinakwane. Tsopano akugona pa matiresi opyapyala okutidwa ndi pulasitiki, bulangete louma pamwamba. Chilonda chikutsukidwa kawiri patsiku ndi madzi owiritsa, theka la lita ndi kasupuni kamodzi ka mchere, n'kuphimbidwa kuti ntchentche zisaikirepo mazira.

Chonde, Brufen musam'patse galu, amaononga impso ndi m'mimba. Sabata yamawa tiyamba kumuyendetsa pa udzu mamita 10, phazi lamanja litavekedwa sokosi kuti zala zisanyuke.