Yofatsa, koma kamwa ili nayo

Sabatayi ikanadutsa ngati zinzake pakanapanda bambo amene anabwera Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'mathanki agalasi mmene ndimagwira ntchito: kusintha madzi, kufinya masiponji a fyuluta, kuvuula nsomba zimene zafa usiku makasitomala asanazione. Anzanga a ntchitoyi nonse mukuzidziwa.

Lachitatu cha m'ma 10 bamboyo analowa atanyamula ndowa, kamtsikana kake kali pambuyo, maso ali psuu ndi kulira. M'ndowamo munali ma angelfish awiri akuluakulu, mimba zili tototo.

"Achimwene, munati izi n'zofatsa. Nanga tinsomba 12 ta mwanayu tapita kuti?"

Tinali ti neon tetra. Tinatha m'masiku anayi okha, ndipo m'thankimo simunapezeke ngakhale kamutu. Lisiti linasonyeza kuti ma angelfishwo anagula Loweruka ine kulibe, ndipo anawagulitsa ndi mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito m'sitolo muno. Iye sindikumuda. Anangowerenga zimene zalembedwa pakapepala ka pagalasi, ndipo palembedwa mawu amodzi okha: yofatsa.

Ndinawafotokozera kuti angelfish ndi ya m'banja la ma cichlid, limene mulinso chambo. Nsomba ya msinkhu wake imatha kukhala nayo mwamtendere, koma neon ndi kanthu ka masentimita 3, kowonda, kongokwana pakamwa. Nsomba yofatsa sithamangitsa inzake, komabe chilichonse cholowa m'kamwa mwake imameza, ndipo sichita kukwiya kaye.

Bamboyo anatsitsa mtima, n'kuloza ma bala shark athu, aja otalika ngati chala, onyezimira. Akuti awasinthire ndi amenewo. Nditafunsa kukula kwa thanki yawo anati malita 100. Ndinakana pomwepo. Bala shark ndi yofatsadi, koma imapitirira masentimita 30, imafuna kukhala m'gulu la zisanu kapena kuposa, imathamanga, ndipo ikadzidzimuka imadziwombetsa kugalasi kapena kulumpha kugwera pansi. Thanki yake iyenera kuyandikira mamita awiri m'litali. Anafunsanso za pleco wamba, nsomba yodya ndere, kuti aziwayeretsera galasi. Ameneyo amakula ngati mkono, ndipo ndowe zake zimaposa zimene wayeretsazo. Ndinawapatsa ma pearl gourami awiri, amene amathera pa masentimita 12 ndipo neon saziona n'komwe, ma corydoras 6 a pansi, ndi bristlenose mmodzi, mtundu wa pleco wosakula kwambiri. Ndinawachenjeza kuti asadzayese kuikamo tiger barb, chifukwa amayepula zipsepse zazitali ngati mbuzi pa masamba. Kamtsikanako kanasankha kokha gourami wokhala ndi chifuwa chofiirira, n'kumwetulira pang'ono.

Atangotuluka, abwana anandiitanira kuseri. Anamva zonse.

"Iwe, unalembedwa kugulitsa kapena kuphunzitsa? Munthu wafuna bala shark, mpatse. Nsomba imakula molingana ndi thanki."

Bodza limeneli ndalimva zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi, koma kulimva kwa mwini sitolo kunandiwawa. Nsomba ya m'thanki yothina imapinimbira chifukwa cha madzi oipa ndi kupanikizika, imadwaladwala, kenako imafa isanakalambe. Ndinawakumbutsa kuti ndapempha kangapo kuti pakapepala tizilembapo kukula kwa nsomba ikakhwima. Yankho lake silisintha: anthu akaona masentimita 30 athawa. Ndinangoti, "Chabwino bwana," poti pakhosi panali patadzadza.

Zotsalazo zinangondiwonjezera mkwiyo. Thanki yosungiramo nsomba zongofika kumene, imene zimayenera kukhalamo milungu iwiri kapena inayi tisanazisakanize ndi zina, abwana anaidzaza ma goldfish ogulitsa mwezi watha. Ndiye ma clown loach amene anafika Lachinayi analowa m'thanki yoonetsera kuchokera m'thumba. Lachisanu m'mawa onse anali ndi matenda a timadontho toyera, akudzikhula pamiyala. Mukudziwa mmene clown loach amachitira ndi mankhwala, khungu lake silipirira, choncho ndinathira theka la mlingo, ndinakweza hita pang'onopang'ono kufika pa madigiri 29, ndinawonjezera mpweya. Mankhwala oyezera amoniya, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, anatha milungu itatu yapitayo, moti ndikuyeza ndi mphuno ndi maso ngati wolosera. Awiri anafa. Enawo nawonso ndi oti adzafika masentimita 30, ndipo pakapepala pawo palembedwa mawu omwe aja.

Loweruka ndinafika 7 isanakwane, ndi cholembera changa chakuda. Pagalasi la thanki iliyonse ya nsomba zokula ndinalembapo masentimita amene nsombayo imafika ikakhwima: bala shark 35, oscar 35, silver dollar 15, giant gourami 60. Mnyamata watsopano uja anaima kumbuyo kwanga akuwerenga, kenako anatambasula manja kuyeza 60, n'kuyang'ana kansomba kali m'thankimo, kakang'ono ngati chikhatho cha mwana. Abwana anafika cha m'ma 9, anayenda mzere wonsewo osayankhula, n'kumutuma kuti akatenge kansanza ndi sipiriti.