Paipi imodzi yotsekeka yanyowetsa mabuku 14 a malipiro

Lachitatu m'mawa titatsegula chipinda chosungiramo mapepala, fungo lake linali la zovala zogona m'beseni. Kachida koyezera chinyezi kanali pa 81 peresenti, pomwe ife timafuna kazikhala pakati pa 45 ndi 55. Denga la siteshoni yakale ya sitimayi, yomwe tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, silinadonthe ayi. Vuto linali paipi yotayira madzi a makina oziziritsa mpweya omwe ali kudenga. Kuno kumwera kwa dziko la United States, mu July makinawa amafinya madzi mumpweya usana ndi usiku, ndipo paipiyo ikapanda kutsukidwa imamera ndere mpaka kutsekeka. Thireyi ya pansi pa makina inasefukira, madzi n'kuboola siling'i, n'kutsikira pa shelefu yachitatu. Kaswitchi kozimitsa makina thireyi ikadzaza kanafa chaka chatha. Tinalemba makalata awiri, akuluakulu n'kuyankha kuti ndalama zapita ku penti ya injini ya malasha ili panja ija, poti ndi yomwe alendo amajambulitsa nayo.

Pa shelefupo panali mabuku 14 a malipiro, olembedwa pamanja. M'menemo ndi momwe muli mayina a anthu akuda omwe ankanyamula katundu, kuthira malasha mu injini ndi kukonza njanji. Mlendo akabwera timamuonetsa zipinda ziwiri zodikiriramo sitima, chachikulu cha azungu ndi chaching'ono cha akuda chokhala ndi khomo lakelake. Timamuuza za mlandu wa Plessy wa 1896, womwe unayambira m'bogi ya sitima ku Louisiana n'kuthera pa chigamulo chololeza kulekanitsa azungu ndi akuda, ndi chigamulo cha 1955 cha Interstate Commerce Commission, bungwe la boma lomwe linkayang'anira za sitima, choletsa tsankho pa sitima zodutsa malire a maboma. Koma wofufuza agogo ake sabwerera makoma. Amafuna aone dzina, ntchito ndi malipiro ake, ndipo buku lililonse mwa awa lilibe linzake kwina.

Anzanga a ntchito ino yosamalira zolemba zakale mukudziwa kuti pepala likanyowa kotentha chonchi muli ndi maola 48 nkhungu isanamere. Tinazimitsa magetsi a chipindacho, n'kukoka waya kuchokera kwina woyendetsera mafani atatu ndi makina awiri oyamwa chinyezi. Mabuku asanu anali atanyoweratu chonyowa. Amenewa sitiwatsegula ndiponso sitiwafinya, chifukwa pepala lonyowa limang'ambika ndi kulemera kwake komwe. Lililonse tinalikulunga m'pepala la phula, n'kuwaika m'makireti msana pansi, osasanjikiza, n'kuthamangira nawo mufiriji ya madigiri 18 kunsi kwa ziro. Kuzizira sikuumitsa buku ndipo sikupha nkhungu, kumangoimitsa kuwonongeka mpaka titapeza ndalama yolipira kampani yokhala ndi makina ochotsa madzi oundana popanda kuwasungunula.

Ena asanu ndi anayiwo ananyowa m'mphepete mokha. Buku wamba timaliimiritsa chotambasula, koma awa ndi olemera, ukawaimiritsa ulusi wa kumsana umaduka. Tinawagoneka pa matebulo, n'kumalowetsa pepala loyera loyamwa madzi pakadutsa masamba 20 alionse, n'kumalisintha likanyowa. Ukalowetsa ochuluka nthawi imodzi msana umaphulika, choncho tsiku lonse lathera pomwepo, kuchotsa ndi kulowetsa. Mmodzi mwa ongodzipereka anabwera ndi makina oumitsira tsitsi ndi mtima wabwino ndithu, koma tinamuletsa: kutentha kumapinda chikuto cha chikopa, kunja n'kuuma m'kati mudakali madzi.

Chomwe chandiwawa ndi inki. Yakuda yachikale ija yagwira, ngakhale chinyezi chimaifulumizitsa kudya pepala. Koma makalaliki ena ankalemba ndi inki yofiira, ena ndi pensulo yokopera, yomwe imaoneka ngati pensulo wamba koma ikangokhudza madzi imasanduka utoto wapepo. M'mabuku awiri, mzere wonse wa mayina wasanduka chibanga chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Manambala a ndalama atsala, eni ake afufutika. Ndinaima ndi tochi n'kumayesa kuwerenga chopendeketsa, ndinangotolapo zilembo zoyamba za mayina atatu. Pempho loti mabukuwa tiwajambule pa kompyuta lakhala pa desiki zaka ziwiri.

Zithunzi zomwe zinanyowanso tinazilekanitsa zisanamatirirane, n'kuziyanika nkhope kumwamba osakhudza pakati. Zagalasi sizilowa mufiriji, zimenezo tinaziimika pa thandala. Timabuku ta nthawi za sitima ta pepala lonyezimira tinatipeza tina titayamba kale kuuma, ndipo tomata tija sitidzatsegukanso. Lachisanu nkhungu yoyera inaoneka pa chikuto chimodzi. Tinalipatula bukulo, ndipo tidzaiyamwa ndi makina a sefa ya HEPA, yogwira ngakhale fumbi losaoneka ndi maso, litauma, titavala masiki ndi magolovesi.

Masiku enawo anali a nthawi zonse. Lolemba kunabwera mabasi awiri a ana asukulu, anagogoda telegirafu mpaka inamasuka sikuluu, ndipo anakonda kumva kuti pa May 31 ndi June 1, 1886, makampani a kumwera anasuntha chitsulo cha mbali imodzi ya njanji zawo mainchi atatu kuti mpata wa pakati pa zitsulozo, womwe unali mafiti 5, ugwirizane ndi wa kumpoto. Lachiwiri tinapaka girisi ngolo ya pa njanji yopalasa ndi manja. Loweruka m'chipinda chachikulu chodikiriramo munali ukwati, womwe ndi umene umalipira magetsi, ndipo eni ukwatiwo anatiuza kuti tizimitse mafani chifukwa akusokosa. Tinakana.

Paipi ija pulambala anaitsegula m'mphindi 20. Kaswitchi kadakali kudikira komiti ikhale mwezi wamawa. Pakadali pano mabuku otsala tawasamutsira kukhoma lakumadzulo, shelefu yapansi taikweza masentimita 15, pamwamba tayalapo pulasitiki, ndipo tagawana masiku okwera kudenga kukasuzumira thireyi tisanatseke.